Digiri ili m'sutikesi, ntchito kulibe: mmene mungayambire bizinesi yanu mu Lusaka

Chaka ndi chaka UNZA, Evelyn Hone, NIPA, NRDC ndi makoleji ena a mu Lusaka amatulutsa achinyamata ovala mikanjo. Makolo amakwera basi kuchokera ku Chipata, Katete ndi Petauke kudzaimba nthungululu. Miyezi ikapitapo, mwana uja ali m'chipinda cha kuseri kwa amalume ake ku Mtendere, foni ili m'manja, akudikira kuitanidwa kumene anasiya makalata. Mu 2022 boma litalengeza kuti lilemba aphunzitsi 30,000, ofunsira anapitirira 100,000. Otsalawo sanali mbuli kapena aulesi. Malo ndiwo anachepa.

Inenso envulopu ya khaki ndinayenda nayo zaka ziwiri m'maofesi a mu Cairo Road. Lero ndimapanga chiponde cha nsawa zochokera kwathu kum'mawa, ndipo ndili ndi antchito atatu. Zimene ndikulemba pano ndi ndondomeko imene ndikanakonda wina akanandipatsa tsiku limene ndinavula mkanjo. Mfundo yake ndi imodzi: ambiri a ife ophunzira timayambira kumapeto. Timayamba ndi dzina la kampani, chizindikiro chokongola ndi kalata yopempha ngongole, pamene palibe ndi mmodzi yemwe amene watipatsapo kwacha. Yambirani kwa wogula, zina zonse zizitsata.

Choyamba: pitani kumene ndalama ikusinthana manja

Dzukani m'mamawa, cha m'ma 5 koloko mukhale muli pa Soweto Market. Tengani kabuku ndi cholembera. Onani magalimoto a tomato, anyezi ndi kabichi akutsitsa katundu, onani amayi ooda akukangana mtengo wa bokosi, onani anyamata a mawilibala. Tsiku lina pitani ku Kamwala, lina ku Buseko kumene amagulitsa matabwa, lina ku Kalingalinga ndi ku Garden kumene owotcherera zitsulo ndi akalipentala ayala mageti ndi mipando m'mphepete mwa msewu. Chitani zimenezi kwa milungu iwiri musanasankhe chilichonse.

Mukufufuza zinthu zinayi: anthu akugula chiyani kawirikawiri, akugula kwa ndani, pa mtengo wanji, ndipo akudandaula chiyani. Dandaulo ndiye khomo lanu. Ine langa ndinalimva kwa mayi wina wa shopu ku Kaunda Square, amene ankati chiponde chimene amaoda chimalekana mafuta msanga ndipo nthawi zina chimawawa, makasitomala n'kumabweza.

Musafunse kuti, "Ndi bizinesi iti yoyenera digiri yanga?" Funsani kuti maphunziro anakusiyirani luso lanji limene munthu wa pamsika alibe. Wophunzira zowerengera ndalama angathe kusungira mabuku mashopu asanu a zipangizo zomangira. Wa zamagetsi anaona yekha mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi a Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, mmene anthu ankasakira woika sola wodziwa ntchito. Wa zaulimi angathe kufesa mbande za tomato ndi kabichi n'kumagulitsa kwa alimi a ku Chongwe. Kungoti ntchito zina zili ndi mabungwe ake oyenera kulembetsako musanayambe kulipiritsa anthu: ZICA kwa owerengera ndalama, EIZ kwa mainjiniya, HPCZ kwa azaumoyo, ndipo wogulitsa mankhwala amafunika chilolezo cha ZAMRA.

Chachiwiri: gulitsani pang'ono muone

Pangani zochepa zimene mungathe ndi ndalama ya m'thumba mwanu. Ine ndinayamba ndi mameda ochepa a nsawa za Chalimbana zimene amayi ananditumizira pa basi. Ndinasankha ndi manja imodziimodzi, ndinakazinga pa mbaula, ndinakagayitsa kwa munthu wa makina, ndipo anatuluka mabotolo 20. Ndinagulitsa kwa anansi ndi kwa anzanga a ku tchalitchi.

Botolo limodzi ndinapita nalo kwa mayi a ku Kaunda Square aja. Analitembenuza chadodolido, n'kuyang'ana ngati mafuta ayenda. Anatsegula, ananunkhiza, anatapa ndi kasupuni n'kulawa, kenaka anakhala chete kanthawi.

"Mwanawe, kukoma n'kokoma, koma mchere wachuluka. Ndiponso botolo ili n'lalikulu. Anthu anga kuno amagula za lero, sagula za mwezi."

"Ndiye amayi, ndichite bwanji?"

"Bweretsa tating'ono. Ukabweretsa khumi Lachisanu, ndiyesa."

Mawu amenewo anandiphunzitsa zimene sindikanazipeza m'kalasi. Abale ndi anzanu adzakuuzani kuti katundu wanu ndi wabwino chifukwa amakukondani. Muyeso weniweni ndi munthu amene walipira, n'kubweranso kachiwiri osamukumbutsa. Lembani dzina lake. Mukapeza anthu khumi otere, muli ndi bizinesi. Ngati mwezi watha palibe wabwereranso, sinthani katundu, kukula kwake kapena malo, ndalama isanalowe yambiri.

Chachitatu: werengerani botolo limodzi mpaka ngwee yomaliza

Apa ndipo pamagwera ambiri, ndipo apa ndipo sukulu yanu iyenera kuoneka. Tengani chinthu chimodzi chimene mumagulitsa, mulembe zonse zimene chadya kuti chifike m'manja mwa wogula.

Tiyerekeze kuti botolo mukugulitsa K40. Nsawa zalowamo ndi za K17. Botolo ndi chivindikiro K5. Lebulo K2. Makala ndi kugayitsa K4. Minibasi yokasiyira katundu, mukagawa pa mabotolo onse, K3. Mchere ndi tina ndi tina K1. Zonse pamodzi K32, ndiye kuti pa botolo mukutsala ndi K8. Wosazolowera akaona K40 ikulowa mu foni amasangalala ngati yonse ndi yake, chonsecho yake ndi K8 yokha.

Tsopano lembani zimene mumalipira mwezi ndi mwezi kaya mwagulitsa kaya ayi. Tinene kuti lendi ya kachipinda ndi K1,500 ndipo malipiro anu ndi K2,500. Inde, malipiro anu alembedwe. Bizinesi imene ikuyenda chifukwa mwini wake akugwira ulele siikuyenda. Pamodzi ndi K4,000. Gawani K4,000 ndi K8: mufunika kugulitsa mabotolo 500 pa mwezi, kapena 20 tsiku lililonse kwa masiku 25, kuti mungofika poyambira phindu. Nambala imeneyo ilembeni pakhoma. Ikakhala yosatheka ndi manja anu ndi makasitomala amene muli nawo, muli ndi njira zitatu zokha: kukweza mtengo, kutsitsa zogulira, kapena kusiya.

Pali zina zimene zimabisala. Ndalama imene Airtel Money kapena MTN amadula mukamatapa. Mabotolo osweka m'minibasi. Nsawa zofumbwa ndi zachuku zimene mumataya posankha. Kwa ife achiponde zimenezi n'zosanyengerera, chifukwa chuku cha nsawa chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Kenaka nyengo: nsawa zimatsika mtengo zikangokololedwa, cha mu Meyi mpaka Julayi, ndipo pofika Disembala ndi Januwale zimakhala zitakwera kwambiri. Amene anawerengera mtengo wake pa nsawa za mu Juni amadzazindikira mu Januwale kuti akugulitsa moluza. Bizinesi iliyonse ili ndi nyengo yake yotere. Wa salaula amaidziwa ya majuzi, wa mayunifomu amaidziwa ya kutsegulira kwa sukulu. Funsani amene anayamba kale. Safunsa anadya phula.

Bwerezani kuwerengeraku nthawi iliyonse pamene mafuta a galimoto kapena dola yasintha.

Chachinayi: ndalama ya bizinesi ikhale ndi nyumba yake

Gulani simu ina ya bizinesi yokha. Zogulitsa zonse zizilowa mmenemo, zooda zonse zizituluka mmenemo. Pakutha pa mwezi dzilipireni malipiro aja kupita ku nambala yanu. Gulaninso buku lachikuto cholimba: kumanzere zolowa, kumanja zotuluka, tsiku lililonse musanagone, ngakhale K5 ya pulasitiki.

Nkhani yovuta pano ndi ya achibale, ndipo sindiitenga mopepuka. Anthu amene anagulitsa ng'ombe ndi matumba a chimanga kuti muphunzire ali ndi chifukwa choyembekezera thandizo lanu. Maliro adzagwa, mng'ono wanu adzafuna nsapato za kusukulu, azakhali adzadwala. Koma mukamatapa mu mpamba, pakatha miyezi itatu simudzathandiza aliyense. Chimene ndinachita ine ndi kukhala pansi ndi amayi ndi amalume, buku lili potsegula. Ndinati, "Amalume, ndalama mukuiona apayi si yanga, ndi ya nsawa za mwezi wa mawa. Yanga ndi iyi. Pa iyiyi ndizitumiza mwakuti mwezi uliwonse, osaphonya." Amalume anayang'ana manambala aja, ndipo anati, "Mbewu sadya, mphwanga. Tamva." Mlimi aliyense amaimvetsa nkhani ya mbewu kuposa mmene timaganizira.

Za ngongole kwa makasitomala, ikani lamulo tsiku loyamba. Kwa ine, shopu yatsopano imalipira pompo maulendo atatu oyamba. Pambuyo pake ndimalola masiku 7, ndipo sindisiya katundu wina wakale asanalipiridwe.

Chachisanu: tsopano mapepala

Makasitomala akayamba kubwerera ndipo mukufuna kulowa m'mashopu ndi m'maofesi, nthawi yolembetsa yakwana. Musachedwenso, chifukwa popanda mapepala simutsegula akaunti ya bizinesi ku banki, ndipo ogula akuluakulu sakuyang'anani n'komwe.

Yambirani ku PACRA, bungwe lolembetsa mayina a mabizinesi ndi makampani. Likulu lake lili ku Longacres, koma zambiri zimatheka pa intaneti. Mumayamba ndi kupempha kuti aone ngati dzina lanu lilibe mwini; konzekerani mayina atatu. Kenaka musankhe pakati pa ziwiri. Kulembetsa dzina la bizinesi chabe n'kotsika mtengo ndipo n'kosavuta, koma inu ndi bizinesiyo ndinu munthu mmodzi pamaso pa lamulo: ikagwa m'ngongole, katundu wanu wa m'nyumba angagwidwe. Kampani ya limitedi imaima payokha, koma imafuna anthu osachepera awiri ndiponso mapepala ochulukirapo. Kwa woyamba kumene amene ali yekha, ine ndimalangiza dzina la bizinesi. Ngati mukuyamba ndi mnzanu wa ku koleji, pangani kampani, ndipo mulembe pa pepala kuti wina waika zingati, agwira ntchito yanji, ndipo akafuna kuchoka adzatenga chiyani. Lembani mukadali pa ubwenzi. Tengani chitupa chanu cha NRC, ndipo kumbukirani kuti PACRA imafuna kuti chaka chilichonse muzipereka lipoti losonyeza kuti bizinesi ikadalipo.

Kenaka ZRA, bungwe lotolera misonkho. Mufunika TPIN, nambala ya wokhoma msonkho. Mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amalowa mu turnover tax, msonkho umene amawerengera pa zonse zimene mwagulitsa, osati pa phindu. Kuyambira 2025 uli pa 5 peresenti, kwa amene zogulitsa zawo sizipitirira K5 miliyoni pa chaka. Onani bwino tanthauzo lake pa botolo lathu lija: 5 peresenti ya K40 ndi K2, ndiye K8 ija yatsika kufika pa K6, ndipo mabotolo ofunika pa mwezi akwera kuchoka pa 500 kufika pafupifupi 670. Msonkho ulowe m'mawerengero anu musanaike mtengo. Lipoti ndi malipiro ake zimafunika pofika pa 14 mwezi wotsatira. Ngakhale mwezi umene simunagulitse kanthu, perekani lipoti losonyeza zimenezo. Ambiri amalembetsa n'kuiwala, ndipo amadzapeza zilango zitaunjikana tsiku limene akufuna satifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho. Malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti ya chaka chilichonse, choncho Januwale aliyense muzifunsa zimene zasintha.

Khonsolo ya Lusaka, ku Civic Centre mu Independence Avenue, ndiyo imapereka chilolezo chochitira malonda pa malo anu ndi satifiketi ya zozimitsa moto. Ngati mukugwira zakudya, pamafunikanso chilolezo cha zaumoyo, ndipo aliyense wokhudza chakudyacho ayezedwe kuchipatala. Tonse tikukumbukira kolera ya kumayambiriro kwa 2024, pamene bwalo la National Heroes linasanduka chipatala. Oyendera zaumoyo akabwera kudzaona madzi, chimbudzi ndi posambira m'manja, akuteteza makasitomala anu omwe. Katundu wopakira m'mabotolo kapena m'mapaketi mupite naye ku ZABS, bungwe loona za miyeso ya katundu, akamuyeze, ndipo mufunse ku ZCSA, bungwe loona za miyeso yokakamiza, ngati ali m'gulu la zinthu zimene lamulo limakakamiza kukwaniritsa muyeso.

Mukalemba wantchito, ngakhale mmodzi, mulembereni kalata ya mgwirizano ndipo mumulembetse ku NAPSA, bungwe la penshoni, kumene iye amapereka 5 peresenti ya malipiro ake inunso 5 peresenti, ndi ku NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, kumene aliyense amapereka 1 peresenti. Palinso thumba la chipukuta misozi cha ovulala pantchito. Musaiwale mmene zinkakupwetekerani pamene munkagwira maganyu popanda pepala lililonse.

Chachisanu ndi chimodzi: mpamba wowonjezera

Ndaika ngongole kumapeto mwadala. Ndalama yobwereka imakulitsa chimene chilipo: bizinesi ya phindu imakula, yoluza imaluza mofulumira.

Yambani ndi zapafupi. Chilimba cha anthu amene mumawadziwa bwino chingakugulireni makina oyamba popanda chiwongoladzanja. Anga ogayira ndinagula choncho. Kasitomala wa oda yaikulu mupempheni theka la ndalama musanayambe ntchito. Magulu osunga ndi kubwereketsana a m'makomboni ndi m'matchalitchi amathandiza, bola muwerenge chiwongoladzanja chawo pa mwezi n'kuchiyerekeza ndi phindu lanu.

Thumba la CDF, ndalama za boma za chitukuko cha m'madera a aphungu, linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Gawo lina ndi la achinyamata ndi amayi: thandizo losabweza limapita ku magulu ndi makopaletivu olembetsedwa, pamene ngongole zimapita ku mabizinesi. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu, kaya muli ku Munali, Matero, Kanyama, Mandevu, Chawama, Kabwata kapena Lusaka Central. Bungwe la boma la CEEC, lothandiza nzika pa za mabizinesi, nalonso limalengeza ngongole nthawi ndi nthawi. Konseko adzafuna mapepala a PACRA, TPIN ndi akaunti ya ku banki, ndipo amene ali ndi buku la zogulitsa la miyezi isanu ndi umodzi amalankhula zogwirika kuposa amene wangobwera ndi maloto otayipa bwino. Pemphani, koma bizinesi isaime kudikira yankho, chifukwa limatha kutenga miyezi.

Mabanki amafuna chikole ndipo chiwongoladzanja chawo chakhala chikupitirira 25 peresenti pa chaka. Kaloba ndiye musayandikire n'komwe. Munthu wokupatsani K1,000 n'kufuna K1,300 kapena K1,500 pakutha pa mwezi akufuna phindu limene chiponde, nkhuku kapena salaula sizingabale.

Ngati munaphunzira ndi ngongole ya HELSB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama za maphunziro apamwamba, ngongoleyo siifa chifukwa choti simunalembedwe ntchito. Pitani mukagwirizane nawo kabwezedwe kake, ndipo kalowe m'mawerengero a malipiro anu.

Chachisanu ndi chiwiri: oda yaikulu ikabwera

Idzabwera, ndipo mtima udzadumpha. Yanga inali ya mabotolo 300, kuchokera ku malo ena amene sindiwatchula. Ndinathira mpamba wonse, ndinabwerekanso kwa mlongo wanga, ndinakasiya katundu, ndipo anandiuza kuti cheke chituluka pakatha masiku 30. Chinatuluka patatha miyezi inayi. Miyezi imeneyo ndinalibe ndalama yogulira nsawa, ndipo mashopu ang'onoang'ono amene ankandilipira pompo anayamba kuoda kwa ena. Mayi a ku Kaunda Square aja anandiimbira foni: "Mwanawe, watitaya chifukwa cha akuluakulu?" Zinanditengera theka la chaka kuti ndibweze makasitomala amenewo.

Choncho musanavomere, funsani mafunso atatu: mulipira liti, ndani amasaina, ndipo mundipatsa pepala la oda? Funsaninso ena amene amaperekako katundu ngati malowo amasunga lonjezo. Kenaka dzifunseni ngati bizinesi ingapume ndalamayo itachedwa miyezi itatu. Ngati singathe, tengani theka la odayo kapena ikaneni mwaulemu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zimenezi zikhudzanso maoda a boma opikisanirana (ma tender), amene amafuna kuti mulembetse pa makina a pa intaneti a e-GP a ZPPA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma: ndi msika weniweni, koma ngwa munthu amene ali ndi mpamba wotha kudikira. Masitolo akuluakulu nawonso amafuna bakhodi, zotsatira za ku labu ndi katundu wosadukiza, ndipo salipira tsiku lomwelo.

Nanga ntchito ikapezeka muli pakati pa zonsezi? Ilandireni ngati ili yabwino, palibe chamanyazi. Monica Musonda, amene anayambitsa Java Foods mu 2012, kampani yopanga eeZee Noodles, anayamba wagwira ntchito ya uloya zaka zambiri, mpaka ku kampani ya Dangote ku Nigeria. Malipiro a pamwezi ndi mpamba wopanda chiwongoladzanja, ndipo ntchito imakuphunzitsani mmene ogula akuluakulu amaganizira. Chofunika n'chakuti mupeze munthu wokhulupirika wogwira masana, inu muziona buku madzulo alionse.

Pakatha miyezi isanu ndi umodzi chiyambireni, patulani Loweruka limodzi, mutseke chitseko, mutsegule buku. Onani ngati mwakhala mukudzilipira mwezi uliwonse osakhudza mpamba, ngati makasitomala obwerera achuluka kuposa mwezi woyamba, ndiponso ndalama zingati zili kunja m'manja mwa okongola. Lembani mayina a okongolawo ndi masiku amene anatenga katundu. Lolemba m'mawa, musanapite kukaoda china chilichonse, yambani mwawayendera amenewo mmodzimmodzi, buku la malisiti lili m'manja.